Chinsinsi cha Kachitsulo Koti "Thi!"

Anzanga, kopanira tsitsi kachitsulo kaja amagulitsa pamsika wa Mbulumbuzi munayamba mwakayang'anitsitsa? Mukakapinda kamati thi! n'kutseguka, ndipo kamakhalabe kotsegula. Mukakabweza kamatinso thi! n'kugwira tsitsi tsiku lonse. Koma tayesani kukasiya pakatikati. Kamakana, kamathawira mbali imodzi basi.

Mu Physics tinaphunzira za stable equilibrium, eti? Zinthu zambiri zimakhazikika mwanjira imodzi yokha: sipuling'i mukaikoka n'kuisiya imabwerera mwakale. Koma mainjiniya amapanga dala zinthu zina kuti zizikhazikika mwanjira ziwiri kapena kuposerapo. Pachizungu amati bistable kapena multistable.

Taganizani za bawo. Nkhomo ikakhala m'dzenje imangoti phee. Kuti ilowe m'dzenje loyandikana nalo iyenera kukwera kachitunda kapakati, ndipo ikangofika pamwamba imatsetsereka yokha. Kachitsulo kopindika kaja n'chimodzimodzi. Chala chanu chimakakweza kachitunda, kenako mphamvu yomwe yasungika m'chitsulomo imamaliza yokha ntchitoyo. Kakafika, sikafunanso mphamvu ina kuti kakhalebe pamenepo. Phindu lake lagona apa.

Zoterezi zili ponseponse. Switchi ya magetsi imakhala yoyatsa kapena yozimitsa, ndipo imalumpha msanga pakatipo kuti isathetheke moto nthawi yaitali. Ambulera ikatembenuzidwa ndi mphepo imakhala chomwecho mpaka mutaibweza. Tepi yoyezera ya akalipentala ndi m'bale wake wa zimenezi: mukaitulutsa imaima chilili chifukwa ndi yokumbika ngati ngalande, koma imapindikanso n'kukwana m'thumba. Masetilaiti ang'onoang'ono otchedwa CubeSat ena amakhala ndi eriyo ya chitsulo chonga tepiyi. Imanyamuka ili yopinda, ikafika mumlengalenga n'kudziwongola.

Nzeru imeneyi imatetezanso moyo. Chivundikiro cha botolo la jamu losatsegula chimakhala chobonyokera mkati. Mukapeza chatukumuka, kapena chikulira mukachidina, ndiye kuti mpweya unalowa kale, musagule. Nayo breaker ya m'nyumba zokhala ndi magetsi a ESCOM ikagwa imakhala yogwabe kuti mawaya asatenthe n'kuyatsa nyumba. Ikamagwa mobwerezabwereza, osaikakamiza ayi. Uzani akuluakulu aitane wodziwa zamagetsi.

Ndiye popita kunyumba lero, fufuzani zinthu zitatu zokhazikika pawiri. Chilichonse muchifunse kuti: maenje ake awiri ndi ati, nanga kachitunda kali pati?