Dongosolo la katemera liwerengerenso mphamvu za omupereka: Katete, Sinda ndi Vubwi

Maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, omwe ali m'chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia, ali pamalo pamene matenda opatsirana amayenda mosavuta, chifukwa msewu waukulu wa Great East umadutsa pa Sinda ndi pa Katete, wina umapatuka pa Katete kulowera ku Tete kudzera pa chipata cha Chanida, ndipo Vubwi anachita malire ndi Malawi komanso Mozambique, kumene Achewa a mbali zonse amakwatirana, amagulitsana zokolola ndiponso amayenderana pa maliro. Ngakhale kuli zipatala zodziwika monga St Francis ku Katete ndi Nyanje ku Sinda, katundu wolemera wa nthawi ya mliri amagwera chisamaliro choyambirira, kutanthauza makiliniki a m'midzi kumene munthu amayamba kufika akadwala, komanso kumene kumachitikira sikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera. Pa kiliniki yotere pamakhala anthu ochepa: namwino, mzamba, woyang'anira ukhondo wa m'dera, mwina ndi clinical officer, amene anaphunzitsidwa kuyeza ndi kuchiza matenda ofala popanda dokotala, ndipo onsewa amadalira anthu ongodzipereka ochokera m'makomiti a zaumoyo a m'midzi.

Odwala COVID-19 oyamba m'Zambia analengezedwa pa 18 Malichi 2020, ndipo katemera anayamba kuperekedwa pa 14 Epulo 2021 ku Lusaka, patangopita masiku awiri chifikireni katemera wa AstraZeneca wokwana kubaya maulendo 228,000 kudzera mu COVAX, mgwirizano womwe unakhazikitsidwa kuti mayiko osauka asatsalire pogawana katemera. Funde lachitatu la matendawa, la mu Juni ndi Julayi chaka chomwecho, linapha anthu ambiri, ndipo mu Okutobala 2021 Pulezidenti Hakainde Hichilema anakhazikitsanso kampeni ya katemera, cholinga chili chakuti anthu 70 mwa 100 aliwonse oyenera kulandira abayidwe. Chiwerengero chimenechi chinanenedwa ku likulu, koma ochisandutsa kukhala mikono yobayidwa anali anthu ochepa aja a pa kiliniki.

Njira imene amagwiritsa ntchito imatchedwa microplanning, lomwe ndi dongosolo latsatanetsatane lolembedwa ndi ogwira ntchito a pamalopo, ndipo inafala kuyambira mu 2002 pamene WHO ndi UNICEF anayambitsa ndondomeko yofikira boma lililonse ndi katemera wa ana. Ogwira ntchito amajambula mapu a dera lawo, amalemba midzi yonse ndi chiwerengero cha anthu ake, amasankha malo okumanirana monga sukulu, tchalitchi kapena bwalo la anyakwawa, kenaka amawerengera mabotolo, majakisoni, mafuta a njinga yamoto ndi masiku ofunika. Zinthu zing'onozing'ono ndi zimene zimalamula tsiku lonse. Katemera wambiri amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo wina amawonongeka akaundana, kotero woyang'anira ukhondo amayamba watulutsa mapaketi a ayezi m'mamawa n'kudikira mpaka amve madzi akukhuchumuka m'kati akawagwedeza, asanawaike m'bokosi lonyamulira. Pa botolo la katemera wa ana pamakhala kachizindikiro kangodya zinayi m'kati mwa kabwalo, kamene kamada botolo likatenthedwa, ndipo kakada mofanana ndi kabwaloko botololo limatayidwa. Mabotolo ambiri a COVID-19 analibe kachizindikiro kameneka, choncho wonyamula ankadalira kaundula wa kuzizira kwa firiji ndi chikumbumtima chake. Botolo la AstraZeneca linali lokwana anthu 10 ndipo likatsegulidwa linkayenera kutha pasanapite maola 6, zomwe zinkaika namwino pa chisankho chowawa pakabwera anthu atatu okha: kutsegula n'kutaya wotsalayo, kapena kubweza gogo amene wayenda mtunda wautali kuti adzabwerenso.

Dongosolo labwino limatsatanso kalendala ya mlimi ndi ulemu wa pamudzi. Tsiku la katemera likagundana ndi kupalira, kukolola thonje kapena maliro, bwalo limakhala lopanda anthu, ndipo m'dzinja mitsinje ikasefukira midzi ina imaduka kwa masiku. Katemera wa Johnson & Johnson, wobaya kamodzi kokha, anapepukitsa ntchito m'madera otere chifukwa anachotsa vuto lofunafuna munthu kachiwiri patapita masabata 8 mpaka 12. Mphekesera zakuti katemera amatseka kubereka sizinkatha ndi chikalata chomatidwa pakhoma, koma zinkafooka anthu akaona mfumu, m'busa kapena namwino wawo yemwe akupinda dzanja la malaya poyera. Mu 2020 mwambo wa Kulamba, womwe umasonkhanitsa Achewa a mayiko atatu ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, sunachitike chifukwa cha mliriwu, ndipo kuimitsidwa kwake kunali uthenga womveka kwa Mchewa aliyense kuti matendawa ndi enieni.

Chimene chimaiwalika kawirikawiri n'chakuti miliri inabwera motsatizana pa mapewa omwewo. Mu Febuluwale 2022 Malawi inalengeza kuti kachilombo ka poliyo wachilengedwe kapezeka mwa mwana ku Lilongwe, mu Meyi kanapezekanso m'chigawo cha Tete, ndipo Zambia inalowa m'kampeni yodontheza katemera m'kamwa mwa ana khomo ndi khomo, kupaka inki pa kachala ndi kulemba choko pa zitseko. Mu Januwale 2023 kolera anabuka m'boma la Vubwi pa nthawi imene matendawa anali atavuta kwambiri ku Malawi. Pa nthawi yonseyi sikelo, uchembere, malungo ndi mankhwala a HIV sizinaime.

Apa ndi pamene nkhani ya katemera imakumana ndi ya umoyo wa m'maganizo, womwe ndi mkhalidwe umene munthu amatha kupirira zovuta za tsiku ndi tsiku, kugwira ntchito ndi kukhala bwino ndi anzake. Mu Malichi 2022 WHO inanena kuti m'chaka choyamba cha COVID-19 matenda a nkhawa ndi okhumudwa anakwera ndi 25 pa 100 padziko lonse. Kumidzi anthu satchula mayina amenewa, koma amati mtima ukuthamanga, tulo sitikubwera, mutu ukulemera, kapena kuti munthu akuganiza kwambiri, ndipo namwino amene sanaphunzitsidwe kumva mawu otere amangopereka panado. Malamulo ochepetsa anthu pa maliro anawonjezera chisoni, chifukwa kwa Achewa kugona pa siwa ndi kuperekeza malemu kumanda ndiyo njira imene mudzi umagawanira kulira. Wogwira ntchito zaumoyo ankakhala pakati pa zonsezi, popeza amatunga madzi pa mjigo umodzi ndi anthu amene ankawaletsa kusambitsa mtembo, ankaopa kutengera matenda kwa ana ake, ndipo nthawi zina ankanenedwa kuti ndiye wobweretsa jakisoni woopsa. WHO imazindikira kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito monga vuto lokhala ndi zizindikiro zitatu, zomwe ndi kutopa kosatha, kuuma mtima pa ntchito, ndi kuona ngati palibe chimene munthu akukwanitsa. Namwino wofika pamenepa amayankha mwaukali mayi wofunsa za katemera, ndipo mayiyo sabweranso ndi mwana wake.

Thandizo la akatswiri lili kutali, popeza chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, Chainama Hills, chili ku Lusaka. Lamulo la Mental Health Act la 2019, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda, limatsindika ulemu ndi ufulu wa odwala, koma kuti litanthauze kanthu ku Vubwi pamafunika luso pa kiliniki pomwepo. Ndondomeko ya mhGAP, imene WHO inayambitsa mu 2008, imaphunzitsa anamwino wamba kuzindikira kukhumudwa, khunyu, uchidakwa ndi maganizo ofuna kudzipha, komanso kudziwa nthawi yotumiza wodwala patsogolo. Palinso thandizo loyamba la m'maganizo, lomwe ndi luso lomvetsera munthu wosweka mtima mosamukakamiza kulankhula n'kumulumikiza ndi omuthandiza, ndipo ongodzipereka amatha kuliphunzira m'masiku ochepa. Ku Zimbabwe, Friendship Bench ya Dr Dixon Chibanda inaonetsa kuti agogo ophunzitsidwa bwino amatha kuchepetsa kuganiza kwambiri mwa kucheza ndi munthu pa benchi ya pa kiliniki, ndipo m'Zambia nambala zaulere za 933 ndi 116 zimapereka uphungu pa foni.

Komabe maphunziro okha sakwanira ngati ophunzitsidwawo ali otheratu. Mlimi wa ku Katete amamasula ng'ombe zake pa goli dzuwa likakwera, chifukwa amadziwa kuti mawa kulinso munda, ndipo ofesi ya zaumoyo ya boma iyenera kuwerengera anthu ake ndi nzeru yomweyo. M'dongosolo latsatanetsatane lija muyenera kulembedwa dzina la wotsala pa kiliniki ena akapita kumidzi, tsiku lopuma kampeni ikatha, tsiku limene ongodzipereka adzalandire ndalama yawo ya chakudya, ndi munthu wodalirika amene wogwira ntchito angamuuze zakukhosi mwachinsinsi. Oyendera ochokera ku boma akafika ayenera kupatula nthawi yofunsa za tulo ndi mantha a ogwira ntchito, monga mmene amayang'anira kaundula wa firiji, ndipo mafomu a malipoti obwereza zinthu zomwezo aphatikizidwe kuti namwino asamalembe mpaka usiku atabaya anthu tsiku lonse. Zambiri mwa izi zimafuna ndalama zochepa poyerekeza ndi mtengo wa katemera, ndipo nthawi yozilemba ndi pamene maboma atatuwa akukonza dongosolo la chaka ndi la sabata ya umoyo wa ana, mliri wina usanafike.