Mavolti ndi maampu: zoyenera kudziwa waya asanalowe m'nyumba

Magetsi ambiri amene akuyaka m'sukulu, m'magolosale ndi m'nyumba za m'dera la Mfumu Yaikulu Mpama amachokera pa mtsinje wa Shire, kumene kampani ya EGENCO imawapanga pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Bungwe la ESCOM ndilo limawanyamula ndi kutigulitsa. Pamene ndondomeko ya MAREP ikupitiriza kufikitsa mapolo kumidzi, nkofunika kuti tonse timvetse mawu awiri amene amalembedwa pa zipangizo zamagetsi: mavolti ndi maampu.

Taganizirani thanki la madzi lokwezedwa pamwamba. Kutalika kwa pamene lakhala ndiko kumakankha madzi; kukankha kotereku pa magetsi timakuyeza m'mavolti. Kuchuluka kwa madzi amene akudutsadi m'paipi ndiko tingakufanizire ndi maampu. Mukatseka mpopi, kukankha kulipobe ngakhale madzi sakuyenda. Ndi chifukwa chake soketi yooneka ngati yagona imathabe kupha mwana amene walowetsamo msomali.

Mawaya apamwamba amanyamula mavolti 11,000 kapena 33,000, ndipo thiransifoma imawatsitsa kufika pa 230 a m'nyumba, kapena 400 oyendetsera chigayo. Choncho woba mafuta kapena mawaya a thiransifoma samangoika moyo wake pachiswe, amaimitsanso chigayo cha mudzi wonse.

Koma chimene chimatentha nyumba kawirikawiri ndi maampu. Masamu ake ndi apafupi: gawani mawati olembedwa pa chipangizo ndi 230. Simbi ya mawati 1,000 imakoka maampu oposa pang'ono 4. Ketulo ya mawati 2,000 imakoka pafupifupi 9. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito m'dziko muno imalekezera pa maampu 13. Mukalumikiza simbi ndi ketuloyo pa ekisitenshoni imodzi, mwafika kale pamalire; mukaonjezerapo hotipuleti, waya amayamba kutentha mpaka chikopa chake kusungunuka. Fyuzi imaikidwa dala kuti iduke zinthu zisanafike pamenepo. Amene amaichotsa n'kuikapo waya wamba kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, amati ndi luso, koma kunena zoona wachotsa mlonda pakhomo.

Thupi la munthu silifuna magetsi ochuluka kuti livulale. Babu la mawati 9 limakoka pafupifupi maampu 0.04 okha, koma mlingo womwewo ukadutsa pachifuwa ungasokoneze kugunda kwa mtima. Khungu lonyowa limalola magetsi kudutsa mosavuta kuposa louma, ndiye musagwire switchi mukuchokera kotsuka mbale. Mbalame imatera pa waya osapsa poti sikugunda pansi kapena waya wina. Munthu woponda dothi alibe mwayi umenewo. Waya akagwa nyengo ya mvula, talikirani, letsani ana ndi ziweto, ndipo dziwitsani a ESCOM.

Kwa amene muli ndi sola, batire ya mavolti 12 sikugwirani mukaikhudza, komabe imatha kutulutsa maampu ambiri mawaya ake akagundana, ndipo moto umabuka. Gwiritsani ntchito waya wonenepa, muikenso fyuzi pafupi ndi batireyo. Pa ntchito yoyala mawaya m'nyumba, funsani mmisiri akuonetseni chiphaso chake chochokera ku bungwe la MERA musanamupatse ndalama yoyamba.