Maluwa a orchid safuna dothi

Ambirife tikapatsidwa duwa timathamangira dothi lakuda ndi ndowa ya madzi. Koma maluwa a orchid amafa ndi chisamaliro chotere.

Mitundu yambiri ya orchid ya kumadera otentha simera pansi. Imakangamira pa nthambi za mitengo, ngakhale siyamwa chakudya cha mtengowo. Mizu yake yonenepa ili ndi khungu longa siponji lotchedwa velamen, limene limamwa mvula ndi mame msanga, kenaka n'kuuma. Tikaikwirira m'dothi lonyowa, mizuyo imasowa mpweya n'kuwola.

Kwa ife oyamba kumene, mtundu wosavuta ndi Phalaenopsis, wochokera kumwera chakum'mawa kwa Asia. Timaubzala mu mphika wobowolabowola, wodzaza makungwa a paini ndi timakala. Madzi timathira m'mawa, pafupifupi kamodzi pa sabata, makamaka a mvula, ndipo timawasiya atuluke onse pansi. Mizu yomweyo ndiyo imatiuza: ikakhala yobiriwira ndiye kuti yakhuta, ikayera mbuu yayamba ludzu. Madzi asatsalire pakati pamene masamba atulukira, chifukwa kuwola kumayambira pomwepo. Mphikawo tiuike pa zenera loyang'ana kum'mawa, pakuti dzuwa la masana, makamaka la mu Okutobala, limawaula masamba. Fetereza akhale wosungunula m'madzi ambiri. Tikatero, maluwa ake amatha kukhala miyezi iwiri kapena itatu osafota.

Nanga mbewu tiipeze kuti? Dziko lathu lili ndi ma orchid akeake. Ku Nyika kokha kuli mitundu yoposa 200, ndipo ina ili ku Zomba ndi ku Mulanje. N'zokopa kuzula imodzi n'kupita nayo kunyumba, koma tisatero. Njere za orchid n'zazing'ono ngati fumbi ndipo kutchire sizimera popanda thandizo la nkhungu inayake, choncho pamalo pozulidwa sipabwerera msanga. Komanso yomera pansi kawirikawiri imafa ikasamutsidwa. Mitundu ya Disa ndi Satyrium ikuchepa kale chifukwa anthu amakumba timbatata take popangira chinaka, chimene ku Zambia amati chikanda.

Choncho tigule ku nazale kapena tipemphe mphukira kwa mnzathu amene ali nawo kale. Tikapita kukaona chilengedwe Sabata masana, tijambule duwalo n'kulisiya pamene talipeza. Paja ntchito imene Adamu anapatsidwa mu Edene inali yosamalira munda.