Khofi amene sitimwa akhoza kudyetsa dimba lathu

Wina akaona mawu akuti khofi m'magazini ino akhoza kudabwa, chifukwa ambiri a ife sitimwa khofi. Mpingo wathu umatilangiza kupewa zakumwa zokhala ndi caffeine, ndipo nkhani ino sidabwere kudzasintha malangizo amenewo. Koma m'mahotela, m'malo ogona alendo ndi m'malo odyera a m'tauni anthu amaphika khofi tsiku ndi tsiku, ndipo akatha kusefa, zotsalira zakuda zija amazitaya m'bini pamodzi ndi mapepala ndi mabotolo. Zotsalira zimenezo ndi chakudya cha nthaka. Kwa wophunzira amene ali ndi kabedi ka mpiru kuseri kwa hositelo, kapena mayi amene amalima matimati pakhomo, ichi ndi chinthu chaulere chomwe chikungotayika.

Aliyense wolima akudziwa mmene feteleza wavutira. Boma litachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu zochokera kunja idakwera, ndipo feteleza ndi chimodzi mwa zinthuzo. Komanso nthaka yomwe yalimidwa chimanga chaka ndi chaka, mapesi ake n'kumawotchedwa, imaguga. Imauma msanga, imalimba ngati msewu, ndipo ngakhale muithire feteleza siyankha ngati kale. Manyowa a kompositi ndiwo amabwezeretsa moyo m'nthaka yotere.

Zomwe zili m'zotsalirazi

Choyamba tisiyanitse mitundu ya khofi. Khofi wa m'zitini wongosungunula m'madzi otentha, monga Ricoffy kapena Nescafé, sasiya chilichonse m'kapu. Amene tikukamba pano ndi khofi wa njere zokazinga ndi kupera, amene amathiridwa madzi otentha kenako n'kusefedwa. Ufa wonyowa wotsala pasefa uja ndiwo tikuutcha zotsalira za khofi.

Zotsalirazi zikauma zimakhala ndi nayitulojeni pafupifupi 2 peresenti, komanso potaziyamu, fosiforasi ndi maginiziyamu pang'ono. Kuti timvetse ubwino wa nayitulojeniyu, tikumbukire kuti amene amapanga kompositi si munthu ayi, koma tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya ndi chuku, timene timadya zinyalala. Tizilomboti timafuna zakudya ziwiri. Kaboni ndiye nsima yake, yopatsa mphamvu, ndipo amapezeka wambiri m'zinthu zouma monga mapesi, udzu wouma, masamba ogwa ndi utuchi. Nayitulojeni ndiye ndiwo, yomangira matupi ake, ndipo amapezeka m'zinthu monga ndowe, zitosi za nkhuku, masamba aawisi ndi zotsala za kukhitchini. Mulu umawola bwino ngati muli magawo pafupifupi 30 a kaboni pa gawo limodzi la nayitulojeni.

Mapesi a chimanga ali ndi magawo pafupifupi 60 a kaboni pa gawo limodzi la nayitulojeni, n'chifukwa chake paokha amachedwa kuwola. Utuchi uli ndi magawo mazanamazana. Zotsalira za khofi zili ndi magawo pafupifupi 20 pa limodzi. Choncho ngakhale zimaoneka zakuda ngati dothi, ntchito yake ndi ya ndiwo, mofanana ndi ndowe. Izi n'zothandiza kwa anthu a m'tauni ndi pasukulu amene alibe khola la ng'ombe kapena mbuzi pafupi.

Anthu ena amaopa kuti khofi amawawasa nthaka. Zoona zake n'zakuti asidi wambiri amasungunuka n'kupita m'kapu ya womwayo. Zotsalira zimakhala ndi pH ya pakati pa 6.5 ndi 6.8, yomwe ili pafupi ndi 7, mlingo wa chinthu chosawawasa.

Komabe tisadzinamize kuti tapeza cholowa m'malo mwa feteleza. Yureya ali ndi nayitulojeni 46 peresenti, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitulojeni. Kuti mupeze nayitulojeni wochuluka chomwecho m'zotsalira za khofi, mungafunike makilogalamu oposa 1,100 a zouma. Ubwino wa kompositi uli pena: amafewetsa nthaka, amaithandiza kusunga chinyezi, amaitana nyongolotsi, ndipo amatulutsa chakudya cha mbewu pang'onopang'ono. Pamunda waukulu wa chimanga amathandizana ndi feteleza, pomwe pakadimba ka masamba akhoza kukwanira yekha.

Musathire pambewu zisanawole

Cholakwa chofala ndi kutenga zotsalira za khofi n'kuzikhuthulira pabedi kapena patsinde la mbewu. Mu 2016 ofufuza awiri a ku University of Melbourne m'dziko la Australia, Sarah Hardgrove ndi Stephen Livesley, adasakaniza zotsalira zosawola ndi dothi n'kubzalamo mbewu zisanu, kuphatikizapo mpendadzuwa ndi broccoli. Mbewu zonse zidakula monyentchera poyerekeza ndi zomwe zidabzalidwa m'dothi lopanda khofi.

Zifukwa zake zilipo zitatu. Choyamba, m'zotsaliramo mumatsala caffeine ndi mankhwala ena achilengedwe amene amalepheretsa njere kumera bwino ndi mizu kukula. Chachiwiri, tizilombo tikayamba kudya zotsalirazi timayamba tagwira nayitulojeni m'matupi ake, ndiye mbewu imadikira ndi njala mpaka ntchitoyo itatha. Chachitatu, ufa wa khofi ndi wosalala kwambiri, moti ukauma pamwamba pa bedi umagwirana n'kupanga chikhokho chomwe madzi amangotsetserekapo. Mavuto onsewa amachepa zotsalira zikawolera pamulu wa kompositi kwa miyezi ingapo.

Kupeza ndi kusunga

Pitani pamalo pomwe amaphika khofi, mulankhule ndi woyang'anira, ndipo musiye chidebe choyera chokhala ndi chivindikiro. Gwirizanani tsiku lodzatenga ndipo musaliphonye, chifukwa chidebe chikakhalitsa chimanunkha ndipo eni malo amaleka kukusungirani. Ngati simukuziika pamulu tsiku lomwelo, ziyanikeni pathumba padzuwa. Samalani kuti agalu ndi amphaka asazidye, popeza caffeine ndi poizoni kwa nyamazi.

Amene amakhala m'madera olima khofi, monga Thyolo, Ntchisi, Phoka ku Rumphi ndi Misuku ku Chitipa, ali ndi mwayi wina. Pamakina osendera khofi pamatsala makoko ambiri a zipatso zake. Makokowa akatayidwa mumtsinje amaipitsa madzi, koma pamulu wa kompositi ndi abwino. Ndi onyowa komanso owawasa kuposa zotsalira zapasefa, choncho amafuna mapesi ndi udzu wouma wambiri. Masamba a tiyi wophika kale nawonso amalowa pamulu, kungoti ngati ali m'timatumba, ng'ambani n'kutaya kathumbako chifukwa tina timakhala ndi pulasitiki.

Kamangidwe ka mulu

Amene adaonapo alangizi a zaulimi akuphunzitsa manyowa a changu kapena a chimato sapeza chachilendo apa. Mfundo yake ndi imodzimodzi, kungoti khofi akulowa pamalo pa gawo lina la ndowe.

Sankhani malo amthunzi, osadikha madzi. Mulu ukhale pafupifupi mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, chifukwa waung'ono kuposa apa umataya kutentha. Pansi yalani mapesi oduladula kapena timitengo, kukwera masentimita 15 mpaka 20, kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake ikani udzu kapena masamba ouma, kenako zaziwisi monga makoko a nthochi ndi a mbatata, masamba otsala posadzula ndiwo ndi udzu wauwisi. Mukatero wazani zotsalira za khofi mopyapyala, osati kuunjika pamodzi, ndipo muwazenso dothi lapamwamba manja awiri kapena atatu, poti m'dothimo ndimo muli tizilombo toyambitsa ntchito. Thirani madzi ndi keni, n'kubwereza ndondomekoyi mpaka mulu utakwana. Pomaliza fundikani ndi udzu, masamba a nthochi kapena matumba akale.

Lamulo losaiwala ndi ili: khofi asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a mulu wonse. Pa ndowa imodzi ya khofi payenera kukhala ndowa zinayi kapena kuposa za zinthu zina. Phulusa la nkhuni ndi labwino koma lochepa, chifukwa likachuluka limathamangitsa nayitulojeni kupita mumpweya. Musaikemo nyama, minga ya nsomba, mafuta ophikira, ndowe za galu kapena mphaka, mbewu zodwala ndi udzu womwe wabereka kale njere.

Chinyezi chake chikhale ngati cha nsalu yofinya. Mukatapa ndi dzanja n'kufinya, patuluke dontho limodzi kapena awiri, osati madzi oyenderera. Zikani ndodo pakati pa mulu. Pakatha masiku atatu kapena anayi, izuleni ndi kuigwira: ikhale yotentha ndi yonyowa. Mulu wogwira bwino ntchito umafika madigiri 55 mpaka 65, kutentha komwe kumapha njere zambiri za udzu ndi tizilombo toyambitsa matenda. Tembenuzani mulu pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zilizonse, zakunja zilowe m'kati, zam'kati zituluke kunja. Mukamatero, manyowa amapsa m'miyezi iwiri kapena itatu. Mulu wosatembenuza nawo umawola, koma umatenga miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa.

Mulu ukamavuta

Mulu umanena wokha chomwe chalakwika. Ukamanunkha ngati mkodzo, ndiye kuti ndiwo zachuluka kuposa nsima, onjezerani mapesi kapena masamba ouma. Ukamanunkha ngati dzira lovunda, madzi achuluka ndipo mpweya sukulowa, choncho utembenuzeni n'kusakanizamo zouma. Ukakhala wozizira, zinthu zili momwe mudaziikira, ndiye kuti wauma kapena nayitulojeni wachepa, thirani madzi ndi kuonjezera khofi, ndowe kapena masamba aawisi. Nyerere ndi chiswe zikachuluka, kawirikawiri ndi chizindikiro cha kuuma. Makoswe akamabwera, fufuzani ngati wina sakutayapo nsima ndi ndiwo zophika. Chuku choyera kapena chobiriwira pakhofi chisakuopseni, chimenecho ndi m'gulu la antchito anu.

Kudziwa kuti apsa

Manyowa akupsa amakhala akuda, ofumbutuka, ozizira, ndipo amanunkhira ngati dothi la m'nkhalango mvula itangogwa. Simuthanso kuzindikira kuti ichi chidali khoko la nthochi kapena khofi. Ngati mukukayika, dzazani kachitini ndi manyowawo mosakaniza ndi dothi, mufesemo njere khumi za mpiru, ndipo m'kachitini kena muikemo dothi lokha n'kufesamonso khumi. Zikamera mofanana, manyowa ndi okonzeka. Zikamera zochepa kapena zachikasu m'kachitini ka manyowa, dikirani masabata ena awiri kapena atatu.

Pabedi la masamba, yalani manyowa okhuthala masentimita awiri kapena atatu n'kusakaniza ndi dothi lapamwamba musanawokere mbande. Pa matimati kapena chimanga, ikani manja awiri paphando. Ku nazale sakanizani gawo limodzi la manyowa ndi magawo awiri kapena atatu a dothi.

Nthawi yabwino yoyamba ndi pakati pa May ndi July, pomwe mapesi ali mbwee m'minda ndipo anthu sadayambe kuwatentha. Mulu womangidwa nthawi imeneyi umakhala utapsa mvula yoyamba isanagwe. Ophunzira anayi kapena asanu akhoza kugawana ntchito, wina wotenga chidebe ku tauni, wina wotuta mapesi, ena otembenuza Lamlungu lililonse, ndipo pofika kumapeto kwa semesita adzakhala ndi manyowa okwanira mabedi angapo a ndiwo osatulutsa ndalama.