Kyutekisi, gel ndi zikhadabo zoikirira: zomwe ogwira ntchito zaumoyo ayenera kudziwa

Kupaka zikhadabo kunyumba ndi chinthu chomwe atsikana ndi amayi ambiri amachikonda. Kabotolo ka kyutekisi kamapezeka pamsika ndi m'magolosale pamtengo wotsika, ndipo anthu amapakana pakhonde pokonzekera ukwati, chinkhoswe kapena ulendo. Masiku ano ena amagulanso gel, guluu ndi kanyale koumitsira, zinthu zomwe kale zinkapezeka ku saluni kokha. Pakati pa anthu amenewa pali anamwino, azamba, ophunzira zachipatala ndi mavolontiya, omwe Lolemba m'mawa amanyamula khanda kapena kutsuka chilonda ndi manja omwewo. Palinso odwala omwe amafika kuchipatala mwadzidzidzi zikhadabo zili zopakidwa.

Kafukufuku akuonetsa kuti kyutekisi wopakidwa kumene pa chikhadabo chachifupi sabweretsa vuto lalikulu. Chiopsezo chili pa kutalika kwa chikhadabo, pa zoikirira, pa penti yemwe wayamba kusendeka, pa zizindikiro zomwe pentiyo amabisa, komanso pa mankhwala a gel akakhudza khungu.

Zomwe zili m'kabotolo

Dzina loti kyutekisi lidachokera ku Cutex, dzina la malonda la ku America lomwe lidatulutsa penti wa zikhadabo wamadzimadzi m'chaka cha 1917. Penti wamba amapangidwa ndi nitrocellulose wosungunulidwa mu ethyl acetate ndi butyl acetate. Mankhwala awiriwa amauluka msanga, n'chifukwa chake kabotolo kakatsegulidwa fungo limadzaza chipinda. Akauluka, pachikhadabo pamatsala kachikuto kopyapyala kowala.

Gel ndi wosiyana. Sauma ndi mpweya. Muli mankhwala a gulu la acrylate, makamaka otchedwa HEMA, omwe amalumikizana n'kusanduka pulasitiki akaikidwa pansi pa kuwala kwa UV. Zikhadabo zoikirira zili mitundu iwiri: zapulasitiki zomwe amamata ndi guluu wa cyanoacrylate, yemwe ndi wa gulu limodzi ndi supa guluu, ndi zoumba posakaniza ufa ndi mankhwala amadzi a acrylate.

Chikhadabo cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pamwezi, ndipo chimatenga miyezi pafupifupi 6 kuti chisinthike chonse. Choncho chikhadabo chikaonongeka pochipala kapena posenda gel mokakamiza, chimakhala choonongeka kwa miyezi ingapo.

Kunsi kwa chikhadabo kumasunga tizilombo

M'chaka cha 1988 ofufuza a pa University of Pennsylvania adayeza malo osiyanasiyana a dzanja ndipo adapeza kuti kunsi kwa chikhadabo kumakhala mabakiteriya ochuluka kwambiri kuposa malo ena onse. Malowa ndi opanikizika, amasunga chinyontho, ndipo sopo kapena sanitaiza safikako mosavuta. Chikhadabo chikatalika, malowa amakulanso. Chikakhala choikirira, pakati pa icho ndi chachilengedwe pamatsala kampata komwe madzi amalowa osatulukanso.

Zotsatira zake zidaoneka m'chipinda cha makanda odwalitsitsa pachipatala china mumzinda wa Oklahoma City ku America m'zaka za 1997 ndi 1998. M'miyezi 15, makanda 46 adatenga bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa ndipo 16 mwa iwo adamwalira. Mitundu ya bakiteriya yomwe idapezeka mwa makanda ambiri idapezekanso m'manja mwa anamwino awiri: mmodzi anali ndi zikhadabo zazitali zachilengedwe, wina zazitali zoikirira. Ofufuza, omwe adatulutsa zotsatirazi m'chaka cha 2000, adanena poyera kuti umboniwo sudatsimikize kotheratu kuti zikhadabo ndizo zidayambitsa mliriwo, koma adati n'kwanzeru kulamula kuti ogwira ntchito m'zipinda zotere azikhala ndi zikhadabo zazifupi zachilengedwe.

Ndondomeko ya bungwe la World Health Organization ya ukhondo wa m'manja, yomwe idatuluka mu 2009, imanena zinthu ziwiri momveka: wogwira odwala asavale zikhadabo zoikirira, ndipo nsonga ya chikhadabo chachilengedwe isafike theka la sentimita. Njira yosavuta yodziyezera ndi kuyang'ana dzanja kuchokera kuchikhatho. Ngati chikhadabo chikuoneka pamwamba pa chala, ndiye kuti chatalika. Magolovesi sathetsa vutoli, chifukwa chikhadabo chachitali chimawaboola kunsonga, komanso munthu wa zikhadabo zazitali satikita bwino nsonga za zala posamba.

Pa kyutekisi wamba, umboni ndi wocheperapo. Kafukufuku wa 1994 pakati pa anamwino a kufiyeta adapeza kuti penti wopakidwa kumene sachulukitsa mabakiteriya, koma wosendeka kapena yemwe wakhala masiku oposa anayi amatero. Gulu la Cochrane litaunika kafukufuku wopezeka mu 2014 lidapeza kuti palibe yemwe adayeza mwachindunji ngati kyutekisi wa ogwira ntchito amachulukitsa mafinya m'zilonda za opaleshoni. Zipatala zambiri zimaletsabe penti kufiyeta ndi m'chipinda cha makanda, ndipo chifukwa chake ndi chomveka: penti amasendeka msanga pa manja omwe amasambidwa kambirimbiri patsiku, komanso wakuda amabisa litsiro lomwe mwini manja akadaliona. Gel amakhala sabata ziwiri kapena zitatu, ndipo chikhadabo chikamakula m'mbali mwake mumayamba kunyamuka n'kusunga madzi ngati choikirira.

Nkhaniyi imafikanso kumudzi. Volontiya yemwe amasamalira wodwala kunyumba, mayi wophika phala kumkombaphala ndi munthu wokanda mandasi onse amagwira chakudya kapena thupi la mnzawo ndi zala. Mazira a njoka zina za m'mimba ndi tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba timakanirira kunsi kwa zikhadabo, ndipo nsima imadyedwa ndi manja.

Zomwe penti amabisa pa wodwala

Chikhadabo ndi chimodzi mwa zinthu zomwe wachipatala amayang'ana poyeza wodwala. M'ndondomeko ya ETAT yosankhira ana ofunika chithandizo chachangu, yomwe idayesedwa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, woyeza amadina chikhadabo cha chala chachikulu mpaka chiyere, kenako n'kuchisiya. Magazi akatenga masekondi oposa atatu kuti abwerere, pamodzi ndi manja ozizira ndi kugunda kwa mtima kofooka ndi kothamanga, mwanayo ali pachiopsezo. Pa chikhadabo chopakidwa, chizindikirochi sichioneka. Woyeza ayenera kudina kumimba kwa chala kapena pakati pa chifuwa.

Kachipangizo kopanira pachala koyezera okosijeni m'magazi kamagwira ntchito podutsitsa kuwala kwa mitundu iwiri m'chala, kofiira kwa 660 nm ndi kosaoneka ndi maso kwa 940 nm. Penti wakuda, wabuluu ndi wobiriwira amameza gawo la kuwalako, motero nambala imatha kutsika pang'ono kapena kachipangizoko kamalephera kuwerenga. Pa zipangizo zatsopano kusiyanako nthawi zambiri sikuposa 2 peresenti, koma kumafunika chidwi pa wodwala yemwe ali pafupi ndi 90 peresenti, malire oyambira kupereka okosijeni kwa mwana wa chibayo. Njira zake ndi kuchotsa penti pa chala chimodzi, kupanira kachipangizo m'mbali mwa chala kuti kuwala kusadutse pachikhadabo, kapena kugwiritsa ntchito chala cha kuphazi chosapakidwa. Wodwala yemwe akubanika asadikire chithandizo chifukwa choti anthu akufunafuna chochotsera kyutekisi.

Pali zizindikiro zinanso zomwe zimabisika. Chikhadabo choyera mbuu kapena cholowa m'kati ngati sipuni chimatha kusonyeza kuchepa kwa magazi. Chotuwira kubuluu chimasonyeza kuperewera kwa okosijeni. Mizere yakuda yotsika ndi chikhadabo imaoneka mwa anthu ambiri akhungu lakuda popanda matenda, komanso mwa ena omwe amamwa zidovudine, koma mzere umodzi womwe ukukula ndi kufalikira pakhungu la m'mbali uyenera kuonedwa ndi dokotala chifukwa ukhoza kukhala khansa ya melanoma. Chikhadabo chokhuthala, chachikasu ndi chofumbutuka nthawi zambiri chimakhala ndi fangasi, ndipo ambiri amachipaka penti chifukwa cha manyazi m'malo mopita kuchipatala.

Kusikelo ya amayi oyembekezera, n'kothandiza kulangiza mayi kuti m'mwezi womaliza asaike gel kapena zoikirira. Kyutekisi wamba amachoka m'masekondi, koma gel amafuna kunyika zala mu acetone kwa mphindi 10 mpaka 15, nthawi yomwe palibe mayi akamathamangira kufiyeta.

Gel wa kunyumba ndi matenda a khungu

Vuto lalikulu kwa wopaka mwiniyo ndi thupi kudana ndi acrylate. Gel akakhudza khungu asadaume, kapena akaumitsidwa ndi nyale yosagwirizana naye n'kutsala wosapsa m'kati, tizidutswa ta HEMA timalowa pakhungu ndipo chitetezo cha thupi chimayamba kutitenga ngati mdani. Zizindikiro zake ndi kuyabwa, kufiira, matuza ndi kung'ambika kwa nsonga za zala, ndipo chikhadabo chimatha kunyamuka. Zotupa zimathanso kutuluka m'zikope, kumaso ndi m'khosi, malo omwe zala zimagwira, kotero wodwala ndi wachipatala yemwe saganizira za zikhadabo. Kyutekisi wamba wokhala ndi tosylamide formaldehyde resin amachitanso chimodzimodzi mwa anthu ena.

Bungwe la British Association of Dermatologists lidachenjeza za vutoli mu 2018 litapeza kuti 2.4 peresenti ya anthu omwe adayezedwa m'zipatala za khungu anali kudana ndi mtundu umodzi kapena ingapo ya mankhwalawa. European Union idalamula mu 2020 kuti zopaka zikhadabo zokhala ndi HEMA zizigwiritsidwa ntchito ndi akatswiri okha, ndipo kuyambira pa 1 September 2025 idaletsa mankhwala ena a mu gel otchedwa TPO. Thupi likayamba kudana ndi acrylate silisiya. Izi zimavuta mtsogolo chifukwa mankhwala a gulu lomweli amapezeka m'zomatira mano ndi mu simenti yogwirira ziwalo zoikirira za m'chiuno ndi m'bondo. Kwa wophunzira za mano, vutoli likhoza kusokoneza ntchito yake yonse, popeza acrylate amadutsa m'magolovesi wamba m'mphindi zochepa.

Pa nyale za UV, kafukufuku wa University of California San Diego wa 2023 adapeza kuti maselo a mu labotale ataikidwa pansi pa nyale kwa mphindi 20, pakati pa 20 ndi 30 peresenti adafa ndipo otsala adaonongeka DNA. Awa anali maselo a m'mbale, si manja a anthu, ndipo nthawiyo ndi yaitali kuposa yomwe gel amafuna. Komabe anthu achialubino, omwe khungu lawo lili kale pachiopsezo chachikulu cha khansa, ndi bwino apewe nyalezi.

Ngozi za m'nyumba

Acetone ndi kyutekisi zimayaka moto mosavuta, choncho zisagwiritsidwe ntchito pafupi ndi mbaula, kandulo kapena koloboyi. Guluu wa zikhadabo akatayikira pa nsalu ya thonje amatentha kwambiri mpaka kuotcha khungu, ndipo kabotolo kake kamafanana ndi ka mankhwala odontheza m'maso. Akalowa m'diso, disolo litsukidwe ndi madzi aukhondo ambiri, zikope zisakanulidwe mokakamiza, ndipo munthuyo apite kuchipatala. Mwana akamwa chochotsera kyutekisi asasanzitsidwe, koma atengeredwe kuchipatala pamodzi ndi botololo.

Kakhungu ka kutsinde kwa chikhadabo kamatseka mpata kuti madzi ndi tizilombo zisalowe. Kukadula kumabweretsa kutupa kopweteka komwe kumapanga mafinya, makamaka mwa ochapa tsiku lililonse ndi odwala shuga. Banga lobiriwira kunsi kwa choikirira limasonyeza Pseudomonas: choikiriracho chichotsedwe, gawo lonyamuka liwengedwe, ndipo chalacho chizikhala chouma. Lezala ndi zowengera zikhadabo zisabwerekanidwe, chifukwa kachilombo ka hepatitis B kamakhala kamoyo m'magazi ouma kwa masiku osachepera 7.

Uphungu wopereka

Palibe chifukwa choletsera anthu kupaka zikhadabo. Amene amakonda kutero akhoza kulangizidwa kupakira panja kapena mazenera ali otsegula, kusankha kyutekisi wamba m'malo mwa gel, kupukuta msanga penti wogwera pakhungu, kuchotsa penti akangoyamba kusendeka, ndi kusunga mabotolo patali ndi ana. Wodwala wa zotupa za m'zikope kapena kunsonga kwa zala afunsidwe ngati amagwiritsa ntchito gel kapena zoikirira.

Kwa wogwira odwala, muyezo ndi wa WHO: zikhadabo zachilengedwe, zazifupi, zopanda zoikirira, ndipo pa penti atsate lamulo la chipatala chake. Amene akufuna kupaka kumapeto kwa sabata angathe kutero ndi kyutekisi wamba n'kumuchotsa asadabwerere kuntchito. Oyang'anira mawodi ndi alangizi a zaumoyo omwe amaphunzitsa mavolontiya angathe kuonjezera kuyang'ana zikhadabo pa maphunziro a kusamba m'manja, ndipo kabotolo ka acetone ndi thonje ziyenera kupezeka pamalo olandirira odwala mwadzidzidzi ndi kumateniti.