Phunzitsani Galu Wanu Kumvera

Inu alimi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje mudziwa ubwino wa galu. Ndiye auwa fisi akafika pa khola la mbuzi usiku, ndiponso apirikitsa anyani m'munda wa mapira. Koma agalu ambiri m'midzi mwathu samva mau a mbuye wao. Agwira nkhuku za eni, aluma ana a anansi, ndipo mlandu wake uthera kwa anyakwawa. Galu wotere wangosowa womphunzitsa.

Yambani akali kamwana

M'mera mpoyamba. Kagalu kakakwana milungu 8, kayamba kugwira nzeru. Kapatseni dzina lalifupi, losavuta kuitana. Mau olamulira akhale amodzimodzi masiku onse, kaya ndi Chimang'anja kaya ndi Chisena, ndipo onse a pabanja anene mau omwewo. Bambo akati "Bwera" mwana nati "Tiye kuno", galu asokonezeka.

Kuno kuchigwa dzuwa liwawa, tsono phunzitsani mmawa kapena madzulo, pamthunzi, galu asanadye. Mphindi 5 zikwana.

Mau atatu ofunika

Oyamba ndi "Bwera". Gwadani pansi, tchulani dzina lake, nimunene mauwo kamodzi. Akafika, mpatseni kambamu ka nsima kothira msuzi nthawi yomweyo ndi kumsisita. Musamuitane kuti mummenye, ngakhale walakwa. Galu womenyedwa atabwera aphunzira kuti kubwera ndi tsoka, ndipo mawa adzathawa.

Achiwiri ndi "Khala". Gwirani chakudya pamwamba pa mphuno yake, nimuchipititse pang'ono cha kumutu. Poyang'ana kumwamba adzakhala pansi yekha. Pomwepo nenani "Khala" ndi kumpatsa.

Achitatu ndi "Leka". Mmangeni chingwe, mupite naye pafupi ndi nkhuku kapena tiana ta mbuzi. Akafuna kuzilumphira nenani "Leka" mwamphamvu, ndipo akatembenukira kwa inu mpatseni mphotho. Chitani chomwechi masiku ambiri kufikira atazolowera kuziona ngati zapakhomo.

Za chingwe: m'khosi mmangeni kansalu kapena kalamba kofewa, kotakasuka kuti zala ziwiri zilowe. Waya ayi, ucheka khosi. Yendani naye pabwalo poyamba, kenaka m'njira ya kudimba. Mzolowezeninso kugwiridwa makutu, miyendo ndi msana.

Chifukwa chachikulu ndi chiwewe

Mwina mudzati, kodi zonsezi nzanji kwa galu wa kumudzi? Yankho lake ndi chiwewe. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO liti nthenda imeneyi ipha anthu ngati 59,000 chaka ndi chaka, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse aitenga kwa galu. Mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama yoganiziridwa chiwewe, 4 ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikaoneka, mankhwala palibe.

Akatswiri ati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa katemera, nthendayi ileka kufala. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies lidabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre. Koma alangizi a ziweto sangabaye galu amene mwini wake alephera kumgwira. Galu wozolowera chingwe ngakhale mwana wa sukulu afika naye pamalo a katemera, pamene wosaphunzitsidwa atsala kutchire, nakhala choopsa kwa mudzi wonse. Kagalu kakakwana miyezi 3 kabayitseni, ndipo muzibwereza monga alangizi akuuzirani.

Wina akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nimuthamange naye tsiku lomwelo ku chipatala chapafupi, monga cha boma pa Chikwawa, pa Ngabu kapena pa Nsanje. Musadikire kuona ngati bala lipola.

Inu okhala m'malire a Lengwe, Majete ndi Mwabvi, kumbukaninso kuti kusaka nyama m'nkhalango zimenezi ndi mlandu. Galu womva "Bwera" saloweramo yekha kukakuputirani tsoka.

Yambani madzulo ano ndi mau amodzi okha. Akawadziwa bwino, onjezani ena.