Bondo la Mwana Likamawawa Usiku

M'chaka cha 1977 mnyamata wina wa ku Canada, dzina lake Terry Fox, adapita kuchipatala chifukwa cha bondo lakumanja. Bondolo lidayamba kuwawa miyezi ingapo m'mbuyomo, koma popeza adali wokonda masewera, adangopirira poyesa kuti lidzapola lokha. Madokotala atampima adapeza khansa ya m'mafupa, ndipo adamdula mwendo pamwamba pa bondo. Adali ndi zaka 18.

Pa miyezi 16 imene adali kulandira mankhwala, adaona ana akuzunzika ndi khansa, ndipo zimenezi sizidamchoke mumtima. Pa 12 Epulo 1980 adanyamuka ku St. John's, kum'mawa kwa dziko lake, nayamba kuthamanga ndi mwendo woikira kuti asonkhe ndalama zofufuzira mankhwala a nthendayi. Tsiku lililonse adali kuthamanga makilomita pafupifupi 42. Atatha masiku 143 ndi makilomita 5,373 adalekera pafupi ndi Thunder Bay, pakuti khansa idali italowa m'mapapo. Adamwalira pa 28 Juni 1981, asanakwanitse zaka 23.

Nthenda imene idamtenga Terry imagwiranso ana athu. Imakonda ana a zaka za pakati pa 10 ndi 20, nthawi imene mafupa akukula msanga. Kawirikawiri imayambira pafupi ndi bondo, kapena pa fupa la mkono chakuphewa. Chizindikiro choyamba ndi ululu wosatha, umene umakula usiku mpaka kumdzutsa mwana. Pambuyo pake pamadza chotupa cholimba, mwana amayamba kutsimphina, ndipo nthawi zina fupa limathyoka popanda kugwa kwenikweni. Nthendayi siyopatsirana, siyochita kulodzedwa, ndipo si chilango cha Mulungu pa banja.

Tsono ife makolo timalakwa pati? Timati ndi mpira, timati ndi kukula. Timathowa ndi madzi otentha, ena timatemera mphini, miyezi nkumapita, khansa nkumayenda ndi magazi kunka kumapapo. Bondo likawawa masabata angapo osasintha, tipite naye mwana kuchipatala akaunike fupalo ndi makina, ndipo ngati nkofunika akapime kachidutswa ka chotupacho. Zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi zipinda za ana odwala khansa. Madokotala akanena zodula mwendo mtima umasweka, ndipo makolo ena amathawa naye mwana kubwerera kumudzi. Abale, tisatero. Mwendo woikira umapezeka, koma mwana woikira kulibe. Inunso achinyamata, musabise ululu poopa kuletsedwa mpira.

Komabe alipo mabanja pakati pathu amene adachita zonse, mwana nkupitabe. Mayi a Terry, Betty Fox, adali mmodzi wa otere. Iwo sadalole kuti dzina la mwana wawo likwiririke pamodzi ndi thupi lake. Kuyambira Sepitembala 1981 anthu amathamanga chaka ndi chaka pomkumbukira, nasonkha ndalama zofufuzira khansa, ndipo mayiwo adayang'anira ntchitoyi mpaka imfa yawo mu 2011.

Ife timadziwa kuchezera pasiwa ndi kuimba usiku wonse. Koma maliro akatha timabalalika, ndipo tikakumana ndi mayi woferedwa timaopa kutchula dzina la mwana wake, poyesa kuti tikumkanda pachilonda. Chimene chimamuwawa koposa ndicho kuona ngati mwanayo waiwalika. Ambuye Yesu sadazembe nyumba ya Yairo. Adalowamo, nagwira dzanja la kamtsikanako. Amayi a Chigwirizano ndi a Mvano, akulu a mpingo ndi achinyamata, tiyeni tiziwayendera mabanja otere ngakhale patapita chaka, tikumbutsane za mwanayo, tipemphere nawo m'chiyembekezo cha kuuka kwa akufa. Ndipo tikaona mwana wa mnansi akutsimphina, tisakhale chete, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.